Fumbi la malasha limaphulika bwanji pamene malasha enieniwo amavuta kuyatsa?

Funso la ulendo uno lachokera kwa bambo wina wa ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba, amene amaumba mabriketi ophikira. Iwo akuti: "Agogo anga anagwirapo ntchito ku mgodi wa Wankie, ndipo ankatiuza kuti anzawo ambiri anatha tsiku limodzi fumbi la malasha litaphulika. Ine zimandivuta kumvetsa. Malasha ndinawagwirapo; kuti akolere pamafunika nkhuni zambiri ndi kukupiza mpaka mkono kuwawa. Ndiye fumbi lake lingaphulike bwanji? Chachiwiri, ine ndimagaya zinyenyeswa za makala pa chigayo m'shedi yanga. Kodi nanenso ndili pa ngozi yomweyo?"

Bambo, agogo anu sananame. Pa 6 June 1972 mgodi wa Wankie No. 2, ku Hwange m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, unaphulika n'kupha anthu 427, ena mwa iwo Amalawi amene anapita kukasaka ntchito. Mumgodimo munali methane, gasi woyaka amene amatuluka m'malasha, koma chimene chinafalitsa motowo mgodi wonse ndi fumbi la malasha. Matupi a ambiri sanatulutsidwe. Mgodiwo unatsekedwa iwo ali momwemo, ndipo mpaka lero pa 6 June anthu amasonkhana pa Kamandama, malo a chikumbutso pa mgodiwo, kuwakumbukira.

Nanunso mukunena zoona. Chibulumwa cha malasha n'chouma mutu pa moto. Moto umagwira pokhapo pamene malasha akumana ndi mpweya, kutanthauza kunja kwa chibulumwacho, ndipo zam'kati zimangodikira. Komanso kutentha kumene mwapereka kunjako kumalowerera m'kati, ndiye kunjako kumachedwa kufika poyaka. Tsopano tiwerengere pang'ono. Tengani kachibulumwa kofanana mbali zonse, sentimita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu womwe. Kunja kwake konse ndi masikweya sentimita 6. Mukakapera mpaka tizidutswa ta mamilimita 0.05, tosafika kunenepa kwa tsitsi limodzi, mupeza tizidutswa 8 miliyoni, ndipo kunja kwa tonse pamodzi kwafika masikweya sentimita 1,200. Malasha ndi omwewo, kulemera n'komweko, koma malo oti moto ugwirepo achuluka ka 200. Ndipo kachidutswa kochepa chonchi kalibe m'kati mobisa kutentha. Kamatentha konse kamodzin'kamodzi, munthu asanaphethire n'komwe.

Komabe kupera kokha sikukwanira. Unjikani fumbi lomwelo pa mulu n'kuikapo khala la moto, mudzaona likungofuka utsi, kunyeka pang'onopang'ono mwina mpaka mawa, chifukwa tizidutswa tathinana ndipo mpweya ukungofika pamwamba pokha. Zinthu zimasintha fumbilo likauluka. Kachidutswa kalikonse kamakhala pakokha, mpweya utakazinga mbali zonse. Mtambo wotere ndi umene timauopa.

Chimene chimayaka poyamba m'mtambomo si chimene anthu ambiri amaganiza. Malasha si kaboni yekha. Malasha ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa ndi a mtundu wa bituminous, ndipo ali ndi zinthu zimene zimasanduka mpweya woyaka ndi nthunzi ya phula akatenthedwa. Akatswiri amazitcha volatiles, ndipo m'malasha otere zimakhala pakati pa 20 ndi 40 peresenti ya kulemera kwake. Kachidutswa kakayandikira moto kamayamba kataya chinyezi. Kakafika cha pa madigiri 400 kamayamba kulavula mpweya uja. Mpweyawo umasakanikirana ndi okosijeni wozungulira n'kuyaka, ndipo ndiwo lawi lomwe limaoneka. Chotsala ndi kakhala kakang'ono ka mabowomabowo komwe kamanyeka mochedwa, lawi litadutsa kale. Nthawi zambiri sikatha n'komwe, poti okosijeni amakhala atatheratu. N'chifukwa chake ofufuza ngozi za m'migodi amayang'ana makoko a malasha opserera amene amamatirira pa mizati ndi m'makoma: makokowo amawauza momwe moto unadutsa.

Kachidutswa koyaka kamatenthetsa tinzake ta kutsogolo m'njira ziwiri. Mpweya wotentha umapatsira kutentha mpweya wozizira woyandikana nawo. Komanso tizidutswa tofiira ndi mwaye zimaponya kutentha ngati kuwala, kosadikira kuti mpweya ukunyamule. Njira yachiwiriyi ili ndi mphamvu pa fumbi kusiyana ndi pa gasi, makamaka mtambo ukakhala waukulu, pakuti fumbi lakuda limamwa kuwala kotere. Ndiye ta kutsogolo timatentha, timalavula mpweya wake, timayaka, n'kutenthetsa totsatira. Amene munaonapo moto wolusa ukukwera m'mbali mwa phiri la Zomba mu October mukudziwa kayendedwe kake: udzu woyaka umaumitsa ndi kuyatsa woyandikana nawo, ndipo pamene udzu watalikirana motowo umazilala wokha. Mtambo wa fumbi ndi chimodzimodzi, kungoti udzu wake ukuyandama m'mlengalenga.

Mukamvetsa zimenezi, mafunso ena amadziyankha okha. Malasha olimba a mtundu wa anthracite, omwe ma volatiles ake safika 10 peresenti, fumbi lake silifalitsa kuphulika m'mgodi ngati la bituminous, ngakhale kuti pa ng'anjo amatentha koopsa. Tizidutswa tokulirapo, toyandikira milimita imodzi, timachedwa kutentha, ndiye sitithandiza lawi kwenikweni. Toopsa ndi tochepera mamilimita 0.075, tomwe timatengedwa ndi mphepo ya m'mgodi mtunda wautali tisanatere. Chinyezi ndi phulusa zimaba kutentha popanda kubweza kalikonse.

Nanga fumbi liyenera kuchuluka bwanji? Poyesa m'malabotale, fumbi losalala la malasha a bituminous limayamba kufalitsa lawi likafika magalamu pakati pa 50 ndi 100 mu kyubiki mita imodzi ya mpweya. Pa magalamu 100, ngati tizidutswa ndi ta mamilimita 0.05 tija, kalikonse kamatalikirana ndi kanzake pafupifupi milimita imodzi. Fumbi likachepa kwambiri, kutentha kumatayika panjira kusanafike pa kachidutswa kotsatira. Kuphulika kwamphamvu kwambiri kumabwera likafika magalamu mazana angapo, chifukwa gawo loyaka msanga ndi ma volatiles okha, ndiye pamafunika fumbi lambiri kuti okosijeni yense adyeke. Apa fumbi limasiyana ndi methane. Methane amayaka akakhala pakati pa 5 ndi 15 peresenti ya mpweya, akapitirira apo sayakanso. Fumbi lilibe malire a pamwamba oti munthu n'kuwadalira. Ngakhale lichuluke mpaka makilogalamu pa kyubiki mita, likhoza kuyakabe.

Magalamu 50 akumveka ochepa, koma m'mlengalenga ndi mdima wa ndiweyani. Mtambo wa malasha wa magalamu 40 pa kyubiki mita umabisa babu la mawati 25 lomwe lili pa mamita awiri okha. Palibe munthu angagwire ntchito m'fumbi lotere, angatsamwe n'kuthawa. Ndiye m'mgodi momwe anthu akugwira ntchito, akuonana nkhope bwinobwino, mtambo wophulikawo mulibe. Umachokera kuti tsono?

Apa ndi pogona nkhani, bambo. Kuphulika kumadzipangira mtambo wake kokha.

Mumpweya wodekha, lawi la fumbi la malasha ndi laulesi. Limadya mtambo pa liwiro la masentimita 20 kapena 30 pa sekondi, moti munthu woyenda pansi angalisiye. Koma mpweya umene wapsa umatentha madigiri oposa 1,500, ndipo mpweya ukatentha chonchi umafufuma ka 6 kapena kuposa. Panja umangokwera m'mwamba, moto n'kuthera pompo. M'mgodi ulibe kothawira. Kumbuyo kuli khoma la malasha, m'mbali ndi pamwamba n'chimodzimodzi, njira ndi imodzi yokha, mumpita. Choncho mpweya wofufumawo umakankha mpweya wozizira umene uli kutsogolo, ndipo pamabadwa chimphepo chothamanga patsogolo pa lawi. Chimphepocho chimasesa pansi, chimakuntha mizati, chimagwedeza denga ndi malamba onyamulira malasha. Fumbi lonse limene linagona pamenepo kwa miyezi limadzuka nthawi imodzi. Lawi pofika limapeza mtambo uli chile, wokonzedwa ndi mphepo yake yomwe.

Sizithera pomwepo. Mphepo yothamanga mumpita wokhala ndi mizati, ngolo ndi makona siyenda mowongoka, imavunduka. Kuvundukako kumapindapinda lawi. M'malo mokhala losalala limakhala lamakwinya ambirimbiri, ndipo khwinya lililonse ndi malo owonjezera oyakirapo. Lawi likamadya msanga, mpweya umafufuma msanga. Mphepo imakula, fumbi lodzuka limachuluka, kuvunduka kumakula, lawi n'kuwonjezanso liwiro. Moto womwe unayamba ndi masentimita 30 pa sekondi umafika mamita mazana angapo pa sekondi, nthawi zina kupitirira liwiro la phokoso, lomwe ndi mamita 340 pa sekondi. Ndipo sutopa. Umapitirira malinga ngati kutsogolo kuli fumbi.

Fumbi logona lokwanira kudyetsa moto wotere ndi lochepa modabwitsa. Tiyerekeze mpita wa mamita 5 mulifupi ndi mamita awiri kupita m'mwamba. Pa mita iliyonse ya kutalika kwake muli makyubiki mita 10 a mpweya. Kuti mufike magalamu 100 pa kyubiki mita pakufunika kilogalamu imodzi yokha ya fumbi. Mwazani kilogalamu imeneyo pansi, m'makoma ndi kudenga kwa mita imodziyo, mupeza kachikuto ka pafupifupi mamilimita 0.1, kukhuthala kwa pepala la m'kope. Ngati mungalembe dzina lanu ndi chala pa mtanda, fumbilo lakwana kale. Ndipo la m'mwamba ndi loipa kuposa la pansi, chifukwa ndi losalala kwambiri, ndi louma, ndipo likangogwedezeka limagwa lokha n'kukhala mtambo.

Choyambitsa nthawi zambiri si fumbi. Mtambo wa fumbi la malasha sukolera msanga. Umafuna chinthu chotentha madigiri 500 kapena kuposa, kapena mbaliwali yamphamvu. Methane, yemwe amatuluka m'malasha akamakumbidwa, amayaka ndi kambaliwali kochepa mphamvu ka 100 kapena kuposa poyerekeza ndi komwe fumbi limafuna. Chitsulo chocheka malasha chikangokhula mwala wolimba, basi zakwana. Ndiye kawirikawiri methane wochepa amene wadzikundikira kudenga amayaka, n'kupereka zinthu ziwiri zomwe fumbi limasowa: mphepo yolidzutsa ndi lawi lalikulu loliyatsa. Mabomba oswera malasha akaphulika molakwika amachita zomwezo. Methane yekha akanapsereza malo ochepa n'kutha. Palinso msampha wina. Methane wochepera 5 peresenti, amene payekha sangayake, akasakanikirana ndi fumbi lomwenso palokha silinakwane, ziwirizi pamodzi zikhoza kuphulika.

Chowawa n'chakuti zimenezi zinanenedwa kalekale anthu asanazivomere. Mu 1844 mgodi wa Haswell ku England unaphulika n'kupha anthu 95. Boma linatuma akatswiri a sayansi Michael Faraday ndi Charles Lyell kukafufuza, ndipo iwo analemba kuti fumbi la malasha linakulitsa motowo. Mawu awo sanasinthe zambiri. M'ma 1870 William Galloway, woyendera migodi ku Wales, anachita zoyesa zosonyeza zomwezo, koma ambiri anakakamirabe kuti wolakwa ndi methane yekha. Ngakhale Mallard ndi Le Chatelier a ku France, omwe anatiphunzitsa zambiri za mmene lawi limayendera mu gasi, ankaona fumbi ngati nkhani yaing'ono. Mtsutsowo unathetsedwa ndi maliro. Pa 10 March 1906 migodi ya Courrières ku France, yomwe inkadziwika kuti ilibe methane wambiri, inaphulika. Moto unasakaza mipita ya makilomita pafupifupi 110 n'kupha anthu 1,099. Gasi wochepa sakanatha kuyenda mtunda wotere. Kenako kunabwera ngozi ya mgodi wa Monongah ku America mu 1907, yomwe inapha anthu oposa 360. Senghenydd ku Wales mu 1913, anthu 439. Ndipo mu 1942 Benxihu ku China, anthu 1,549, ngozi yoposa zonse m'mbiri ya migodi ya malasha. Ine ndimaona kuti kuchedwa kwa zaka 60 kuchokera pa Haswell sikunali kwa sayansi yokha. Kuvomereza kuti fumbi limapha kunkatanthauza kulowetsa ndalama polisesa, kulinyowetsa ndi kulikwirira, ngakhale m'mipita yakale yomwe sinkabweretsanso phindu.

Mankhwala amene anapezeka ndi oti munthu angawaderere: fumbi linanso. Pambuyo pa Courrières, katswiri wa migodi Jacques Taffanel ankaphulitsa dala fumbi mumpita woyesera ku Liévin, ku France komweko, ndipo ku England William Garforth ankachita zofanana ku Altofts. Zinaoneka kuti fumbi la malasha likasakanizidwa ndi fumbi la mwala wosayaka, chimphepo chija chimadzutsa zonse ziwiri pamodzi. Tizidutswa ta mwala timamwa kutentha, timatchinga kuwala kotentha kuja, koma sitilavula kanthu koyaka. Kutentha kukachepa moti malasha sangalavule mpweya wake msanga, lawi limasowa chodya n'kufa. Mwala umene amagwiritsa ntchito kwambiri ndi wa laimu wopera, mtundu womwe unkakumbidwa kwathu kuno ku Changalume popanga simenti. Amausankha chifukwa ndi wotchipa, suwononga mapapo ngati mwala wamchenga, ndipo ndi woyera, ndiye fumbi lakuda likagwa pamwamba pake limaonekera. M'migodi yosamalidwa bwino makoma amakhala mbuu.

Pamafunika wambiri zedi. Ku America, mgodi wa Upper Big Branch utaphulika pa 5 April 2010 n'kupha anthu 29, lamulo linakhwimitsidwa kuti fumbi la m'mipita likhale ndi zosayaka zosachepera 80 peresenti. Pa magawo asanu, anayi akhale osayaka. Ndipo kuthira kamodzi sikukwanira, chifukwa chimphepo chimadzutsa kaye za pamwamba. Kachikuto katsopano ka malasha pamwamba pa laimu kakhoza kunyamula lawi ngati kuti laimuyo palibe. Njira ina ya Taffanel ndi mashelefu a kudenga odzaza fumbi la mwala, oikidwa mwadala kuti agwe mosavuta. Mphepo ikafika imawagubuduza, lawi pobwera limapeza mpita wadzaza mwala. Ena amaika zotengera za madzi, ndipo ku South Africa anapanga matumba a fumbi la mwala olendewera kudenga amene amang'ambika mphepo ikawamenya. Nzeru imeneyi imandisangalatsa: mphepo yomwe ija yodyetsa moto ndi imene akuituma kukauzimitsa.

Chinanso chimene agogo anu mwina anakuuzani n'chakuti ambiri omwalira pa ngozi zotere sapsa ndi moto. Poti fumbi limachuluka kuposa okosijeni, kuyakako kumakhala kosakwanira, ndipo kumasiya mpweya wakupha wa carbon monoxide wambiri. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo umafika m'mipita momwe lawi silinafikemo. N'chifukwa chake masiku ano wogwira ntchito pansi amayenda ndi kachipangizo kopumira m'chiuno. Ngati muli ndi m'bale amene akukalowa ntchito m'migodi ya malasha, kaya kunja kaya kumpoto kwathu cha ku Rumphi kumene kuli mgodi wa Mchenga, akafunse ngati methane amayezedwa shifiti isanayambe, ngati fumbi la mwala limathiridwa, komanso ngati kopumira kaja aliyense ali nako.

Tsopano shedi yanu. Ngozi ya Wankie simungakhale nayo, poti mulibe methane ndipo mulibe mipita ya makilomita. Koma sindingakuuzeni kuti gonani tulo. Kuti fumbi liphulike pamafunika zinthu zisanu pamodzi: fumbi loyaka, mpweya, choyatsa, kuti fumbilo liuluke, ndi malo otsekeka. Mabogi a sitima onyamula malasha a ku Moatize amene amadutsa pa Liwonde kupita ku Nacala si oopsa mwa njira imeneyi, chifukwa fumbi lake limamwazikira pamtetete. M'chigayo chanu zisanuzi zikhoza kukumana, ndipo fumbi likapsera m'chitsulo chotsekeka mphamvu yake imafika ma bar 7 kapena 8, kuposa katatu mpweya wa m'tayala la galimoto laling'ono. Chigayo sichinapangidwe kuti chipirire zimenezo.

Makala amasiyana ndi malasha chifukwa ma volatiles ambiri anatuluka kale mu uvuni. Komabe makala a m'mauvuni athu a dothi sapsa mofanana. Alipo ambiri osapsetsa, aja amafuka utsi pa mbaula, ndipo amenewo akadali ndi mpweya woyaka wokwanira. Fumbi la makala louma ndi losalala likhoza kufalitsa lawi, ndiye lisamaleni ngati chinthu chophulika. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri si makalawo. Oumba mabriketi ambiri amamatira ndi ufa wa chinangwa kapena wa chimanga, ena amawonjezera utuchi wa ku macheka. Ufa ndi utuchi zikatenthedwa, gawo lalikulu limasanduka mpweya woyaka, ndipo zimakolera msanga kuposa malasha. Kuphulika kwa fumbi koyamba kulembedwa bwino kunali kwa ufa, m'nyumba yophikira buledi ku Turin mu 1785, mnyamata akusuntha ufa pafupi ndi nyali. Mu 2008 fumbi la shuga linapha anthu 14 pa fakitale ya Imperial Sugar ku Georgia, ku America. Kumenekonso kuphulika koyamba kunali m'makina otsekeka, ndipo kotsatira n'kumene kunasakaza nyumba, fumbi logona pansi ndi pa mitanda litadzuka. Eni zigayo za chimanga, kuyambira ku Mpondabwino mpaka ku Jali, nkhaniyi ndi yanunso.

Mtambo wokwanira kuphulika sukhala pamene mumaima. Umakhala m'kati mwa chigayo chikamazungulira, m'paipi yotulutsira, ndi m'chitini chosongoka chija momwe fumbi limazungulira lisanagwe m'thumba. M'menemo umakhalamo tsiku lililonse, chikusowa n'choyatsa basi. Zinyenyeswa zosesedwa pansi pa misika sizibwera zokha. Zimabwera ndi misomali, mawaya ndi miyala, ndipo zimenezi zikakumana ndi mahamala zimathetheka. Beringi yopanda girizi imatentha. Lamba woterereka amatentha. Ndipo fumbi logona pa chitsulo chotentha limayamba kunyeka pa madigiri otsika kwambiri kuposa mtambo, cha m'ma 200, likakhuthala mlingowu umatsikanso. Fumbi lokuta mota kapena paipi ya utsi ya injini limatha kukhala khala lobisika, lodikira tsiku lomwe wina adzalipukuse. Onjezanipo ndudu, kandulo kapena koloboyi magetsi akazima, ndi wowotcherera amene mwamuitana kudzakonza chigayo chisanatsukidwe.

Mwayi wanu ndi wakuti mabriketi amafuna madzi kale. Wazani madzi pa zinyenyeswa musanagaye, zikhale zachinyezi koma osati matope otseka sefa. Ili ndiye phindu lalikulu pa zonse zomwe ndinganene, ndipo silikudyerani ndalama. Mangani maginito amphamvu pa khomo lolowera zinyenyeswa, ndipo muzisankha miyala musanathire. Posesa yambani m'mwamba, pa mitanda, pamwamba pa khoma ndi pa mota, chigayo chitazimitsidwa, ndi nsanza yonyowa. Musayerekeze kuuzira fumbi ndi kompulesa kapena makina opemerera, chifukwa mukatero mwagwira nokha ntchito ya chimphepo cha m'mgodi chija. Shedi ikhale yotsegula mbali imodzi kapena ziwiri, osati chipinda cha njerwa chotseka zitseko. Matumba a ufa ndi utuchi asungidwe kwina. Makala ongofukulidwa kumene mu uvuni ayambe apuma panja masiku angapo, pakuti makala atsopano amamwa okosijeni n'kumadzitenthetsa okha, makamaka akaperedwa n'kuunjikidwa. Za mapapo ndi nkhani ina, koma ndinene m'mawu amodzi: fumbi lochepa kutalitali ndi lophulikali limawononga kale chifuwa, ndiye chophimba pamphuno chisamachoke. Ndipo chonde musakayese zomwe ndafotokozazi pomwaza fumbi pa moto kuti muone. Lawi lake limabwerera kudzanja ndi kunkhope msanga kuposa mmene mungathawire.

Tsiku lina mukadzaona utsi ukutuluka m'chigayo, zimitsani makina, tulutsani anthu, ndipo musathamangire kutsegula chivundikiro, chifukwa mpweya wolowa mwadzidzidzi umadzutsa fumbi pamwamba pa khala. Chisiyeni chizizire chili chotseka, muzinyowetsa kunja kwake ndi pozungulira, madzi asafike pa mota ndi mawaya. Ukakhala mulu umene ukufuka, musaupalase, musaumenye ndi nthambi, musaukhuthulire ndowa mwamphamvu kapena kuuloza ndi paipi yothamanga madzi. Tengani kheni yothirira mbewu, yambani m'mphepete, thirani mofatsa mpaka mulu wonse utanyowa, kenako muuyale pang'onopang'ono panja ndi fosholo. Muubwererenso pakapita maola angapo n'kuugwira ndi kuseri kwa dzanja, chifukwa moto wa m'kati mwa fumbi la makala umatha kudzukanso pamwamba pakuoneka pozizira.